Bilu ya pa lesitilanti yatulutsa mayankho atatu: lolondola ndi liti?

Funso lachokera kwa bambo wina amene ali ndi mwana wamkazi mu Sitandade 7. Akuti: "Aphunzitsi, ndithandizeni. Mwana wanga anabwera ndi samu iyi ya homuweki: Anthu atatu anadya chakudya pa lesitilanti. Woyamba analipira 1/3 ya bilu yonse. Wachiwiri analipira 2/5 ya ndalama zotsala. Wachitatu analipira K18,000 imene inatsalayo. Kodi bilu yonse inali ndalama zingati? Mwanayo anapeza K28,800. Ine nditaona ndinamukonzera. Ndinaphatikiza 1/3 ndi 2/5 n'kupeza 11/15, kutanthauza kuti wachitatu analipira 4/15, ndiye bilu inatuluka K67,500. Mawa lake aphunzitsi ake anathetha n'kulemba K45,000. Pano mwanayu sakundikhulupiriranso, chonsecho ine masamu ndinkakhoza. Walakwa ndani?"

Bambo, aphunzitsiwo akhoza. Bilu inali K45,000. Koma musadzione ngati masamu anakuthawani ayi. Kuphatikiza kwanu kulibe banga, 1/3 ndi 2/5 zimapangadi 11/15, ndipo funsoli likanati wachiwiri analipira 2/5 ya bilu yonse, K67,500 yanuyo ikanachongedwa popanda wotsutsa. Pamene pagona nkhani ndi pa mawu akuti "zotsala" aja.

Tisanapite kutali, tiyeni tichite kaye chinthu chimene ndimafuna mwana aliyense azichita asanakapereke kope kwa aphunzitsi. Atenge yankho lake, alibweze m'nkhani muja, anthuwo alipiredi ndalamazo, tione ngati zikukwana.

Tiyambe ndi yanu. Bilu ikakhala K67,500, woyamba atulutsa gawo limodzi mwa magawo atatu, yomwe ndi K22,500. Pa mbale patsala ngongole ya K45,000. Wachiwiri atenga magawo awiri mwa asanu a K45,000 imeneyo, ndiye K18,000. Wachitatu watsala ndi K27,000 yoti alipire. Koma funso latiuza kale kuti iye analipira K18,000. Pali K9,000 yopanda mwini. Ya mwana nayo siyenda: pa K28,800 woyamba alipira K9,600, patsala K19,200, wachiwiri alipira K7,680, wachitatu K11,520. Yaperewera. Tsopano ya aphunzitsi. Pa K45,000 woyamba alipira K15,000, patsala K30,000, wachiwiri alipira magawo awiri mwa asanu a K30,000, yomwe ndi K12,000, ndipo wachitatu atsala ndi K18,000 ndendende. Kuyesa kotereku sikufuna buku la mayankho, sikufunanso kudikira Lolemba kuti aphunzitsi anene. Mukanachita zimenezi usiku womwewo, bwenzi mutadziwa nonse awiri kuti penapake pakhota, ngakhale musanadziwe kuti ndi pati.

Tsono chifukwa chake n'chiyani?

Fulakishoni payokha si ndalama. Simungaike 2/5 m'thumba la buluku n'kukagulira sopo. Nthawi zonse imakhala gawo la chinthu chinachake, ndipo musanadziwe chinthucho simungadziwe kukula kwa gawolo. Theka la ndowa ya chimanga ndi theka la thumba la makilogalamu 50, onsewa ndi matheka, koma palibe mayi amene angawathire pamodzi n'kunena kuti tsopano ali ndi thumba lathunthu, poti theka ndi theka zimapanga chimodzi. M'funso lanuli muli zinthu zathunthu ziwiri zosiyana. 1/3 yadulidwa pa bilu yonse. 2/5 yadulidwa pa zimene zinatsala woyamba atalipira kale, zomwe ndi zochepa kuposa bilu yonse. Inu munaziphatikiza ngati zadulidwa pa chinthu chimodzi, ndiye wachiwiri munamulipiritsa zambiri kuposa zimene analipiradi, wachitatu n'kuoneka ngati gawo lake ndi laling'ono, ndipo bilu inafufuma.

Samu iyi ili ndi kanthu kena kosangalatsa kamene kamaonetsa mfundoyi poyera. Wachiwiri analipira 2/5 ya zotsala, K12,000. Wachitatu analipira K18,000, ndipo mukayerekeza K18,000 ndi K45,000 mupeza kuti nayonso ndi 2/5, koma ya bilu yonse. Anthu awiri, aliyense angathe kunena kuti "ine ndalipira 2/5" osanama, koma wina watulutsa K6,000 kuposa mnzake. Mukamuonetsa mwana zimenezi n'kumufunsa kuti zatheka bwanji, mukhala mwamuphunzitsa zambiri kuposa kumupatsa masamu khumi ofanana.

Njira zopezera K45,000 zilipo zingapo, ndipo ndiyamba ndi imene ndimaikonda kwa ana a msinkhu umenewu, yojambula.

Atenge kope lake la masamu, lija la timabokosi. Ajambule mzere wa timabokosi 15, n'kunena kuti mzere wonsewu ndi bilu. Mwina afunsa kuti 15 yachokera kuti, ndipo limenelo ndi funso labwino. Bilu iyenera kudulidwa patatu poyamba, kenako zotsalazo zidulidwe pasanu, ndiye tikufuna nambala imene ingalole kudula konse kuwiriko popanda kuthyola kabokosi. 3 kuchulukitsa ndi 5 ndi 15. Woyamba atenga gawo limodzi mwa atatu, timabokosi 5. Adetse timeneto ndi pensulo. Tsopano, apa ndiye pofunika, aphimbe timabokosi todetsato ndi dzanja kapena ndi rula, asationenso. Tatsala 10. Wachiwiri sakuona 15, akuona 10 basi, ndipo magawo awiri mwa asanu a 10 ndi timabokosi 4. Adetse tinayito ndi bolopeni kuti tisiyane. Toyera tatsala 6, ndipo 6 timeneti ndiye K18,000 ya wachitatu. Kabokosi kamodzi ndi K18,000 kugawa ndi 6, K3,000. Timabokosi 15 ndi K45,000.

Ngati kujambula kukumuvuta, muunjikireni zitsekerero za mabotolo 15 kapena nyemba 15 pa mphasa, inu mukhale woyamba, iye wachiwiri, mng'ono wake wachitatu. Inu mutenge zisanu zanu n'kuziika m'thumba ndithu kuti zisaoneke. Mukamuuza kuti atenge 2/5 ya zimene zili pamphasapo, dzanja lake silingapite ku zitsekerero zimene zili m'thumba mwanu. Thupi limamva msanga mawu akuti "zotsala" kusiyana ndi maso akamawerenga.

Kujambula mizere kotereku ena amakuona ngati zachibwana, zosayenera mwana amene akuyandikira mayeso a Sitandade 8. Ine sindigwirizana nazo. Dziko la Singapore linayamba kuphunzitsa ana a pulayimale masamu a nkhani pojambula mizere yotereyi m'zaka za m'ma 1980, ndipo ana akumeneko akhala akuchita bwino kwambiri pa mayeso a masamu oyerekeza mayiko. Chojambula chimakakamiza mwana kusankha kuti gawo lililonse akulidula pati. Manambala okhaokha samukakamiza choncho, amamulola kuphatikiza chilichonse chimene waona.

Njira yachiwiri ndi yobwerera m'mbuyo, kuyambira kwa amene analipira pomaliza. Iyi ndi imene anthu ogulitsa malonda amaigwiritsa ntchito m'mutu popanda kudziwa kuti ili ndi dzina. Wachiwiri atatenga magawo awiri mwa asanu a zotsala, wachitatu anatsala ndi magawo atatu. Magawo atatuwo ndi K18,000, ndiye limodzi ndi K6,000, ndipo onse asanu ndi K30,000. Imeneyo ndi ngongole imene inalipo woyamba atalipira kale. Koma woyamba anachotsa gawo limodzi mwa atatu a bilu, choncho K30,000 ndi magawo awiri otsalawo. Limodzi ndi K15,000, atatu ndi K45,000. Mwaona kuti munjira monsemu sitinaphatikize mafulakishoni, sitinafunenso LCM, nambala yaing'ono kwambiri imene imagawika ndi manambala onse a pansi popanda chotsala. Tangogawa n'kuchulukitsa, kawiri.

Njira yachitatu ndi imene aphunzitsi ayenera kuti analemba pabolodi, ndipo ndi yomwe mwana ayenera kuidziwa polemba mayeso:

Zotsala woyamba atalipira: 1 − 1/3 = 2/3

Gawo la wachiwiri: 2/5 × 2/3 = 4/15 ya bilu yonse

Awiriwo pamodzi: 5/15 + 4/15 = 9/15

Gawo la wachitatu: 1 − 9/15 = 6/15 = 2/5

Bilu yonse: K18,000 ÷ 2/5 = K18,000 × 5/2 = K45,000

Mukayang'anitsitsa, njira yanu ndi iyi zikusiyana pa mzere umodzi wokha, wachiwiriwo. Ntchito ya mzere umenewo ndi kusandutsa gawo la zotsala kuti likhale gawo la bilu yonse. Zikatero 1/3 ndi 4/15 zakhala za chinthu chimodzi, ndipo kuphatikiza kwaloledwa.

Pa mizere isanuyi pali malo awiri amene ana amaloweza osamvetsa, ndipo choloweza chimathawa tsiku la mayeso. Oyamba ndi kuchulukitsa. Kuyambira m'makalasi oyambirira mwana wakhala akuona kuti ukachulukitsa, zinthu zimachuluka, dzina lomwe likutero. Lero akuuzidwa kuti 2/5 kuchulukitsa ndi 2/3 ndi 4/15, nambala yochepa kuposa zonse ziwirizo. Mtima wake umakana, ndipo sindimuimba mlandu. Mubwezereni ku timabokosi tija. 2/3 ndi timabokosi 10 mwa 15, ndipo kutengapo 2/5 ndi kutenga 4. Kuchulukitsa ndi nambala yosakwana 1 ndi kutenga gawo chabe la chinthu, ndiye chotuluka chiyenera kuchepa. Malo achiwiri ndi lamulo lija lakuti pogawa ndi fulakishoni uitembenuze n'kuchulukitsa. Ana amalinena ngati pemphero. Koma K18,000 × 5/2 tanthauzo lake ndi lakuti, gawa ndi 2 upeze gawo limodzi, K9,000, kenako chulukitsa ndi 5 upeze chathunthu, K45,000. Ndi nzeru yomwe ija ya wogulitsa malonda, yangolembedwa mwachidule.

Chenjezo laling'ono kwa amene amathamangira kalikuleta ya pafoni: musasandutse 2/3 kukhala 0.67. K30,000 kugawa ndi 0.67 imatulutsa K44,776 ndi matambala ake, ndipo mwana adzakhala akufunafuna kumene kwapita K224. Magawo atatu salowa bwino m'madesimo, asiyeni akhale mafulakishoni mpaka kumapeto.

Tsopano tibwere kwa mwana, chifukwa kwa ine K28,800 yake ndi yodetsa nkhawa kuposa K67,500 yanu. Inu simunalembe mmene anaipezera, koma nambalayo imadziulula yokha. Anaphatikiza za pamwamba pazokha, 1 ndi 2 kukhala 3, za pansi pazokha, 3 ndi 5 kukhala 8, n'kupeza 3/8. Zotsala 5/8, K18,000 kugawa ndi 5 ndi K3,600, kuchulukitsa ndi 8 ndi K28,800. Choncho iye walakwa pawiri: sanaone "zotsala" ngati inu, komanso sakudziwa kuphatikiza mafulakishoni a manambala a pansi osiyana. Cholakwa chachiwirichi chikapanda kuchotsedwa pano, chidzamutsatira ku sekondale, m'ma alijebura monse.

Musamukalipire, pakuti maganizo akewo sanachokere kumwamba. Pali nthawi imene kuwerengera kotero kumagwira ntchito. Akakhoza funso limodzi mwa atatu pa mayeso a m'mawa, n'kukhoza awiri mwa asanu pa a masana, tsiku lonse wakhoza atatu mwa asanu ndi atatu, 3 mwa 8. Pamenepo n'zoona, chifukwa chathunthu chakula, mafunso atatu aja awonjezeredwa ena asanu. Koma pa bilu, chathunthu sichikula munthu wina akalipira. Bilu ndi yomweyo. Nambala ya pansi sikuwerenga zinthu, ikungotiuza kukula kwa zidutswa, ndipo zidutswa za kukula kosiyana siziwerengedwa pamodzi mpaka zitadulidwanso kuti zifanane. Ntchito ya LCM ndi imeneyo basi.

Kuti adzigwire yekha, mufunseni kuti theka kuphatikiza theka ndi chiyani. Ayankha msanga kuti ndi chimodzi chathunthu. Kenako muuzeni awerengere ndi njira yake ija: 1 ndi 1 ndi 2, 2 ndi 2 ndi 4, yankho 2/4, lomwe ndi theka lomwelo. Mulekeni akhale nazo kaye, musafulumire kumufotokozera. Mungathenso kumuonetsa kuti 3/8 ndi yochepa kuposa 2/5, chifukwa pa K40,000 3/8 ndi K15,000 pamene 2/5 ndi K16,000. Zingatheke bwanji kuti uwonjezere chinthu pa 2/5, chotuluka n'kuchepa kuposa 2/5?

Chimene chimapusitsa pa samu iyi n'chakuti mayankho olakwika onse awiri atuluka osalala, opanda matambala. Ana ambiri, ndi akuluakulu omwe, amakhulupirira kuti yankho likatuluka lathunthu ndiye kuti akhoza. K18,000 imagawika bwino ndi 4, ndi 5, ndi 6, ndiye njira zonse zitatu zimapereka nambala yooneka bwino. Olemba mafunso ena amachita dala zimenezi, makamaka pa mafunso osankha yankho, kumene mudzapeza K67,500 ndi K28,800 zitakhala pambali pa K45,000 kudikira wofulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali njira ina yachinayi imene siiphunzitsidwa kwenikweni masiku ano, koma ndi yakale kwambiri. Ungoyerekeza nambala yosavuta, ngakhale ukudziwa kuti si yolondola, kenako uikonze. Tiyerekeze kuti bilu ndi K15,000. Woyamba K5,000, zotsala K10,000, wachiwiri K4,000, wachitatu K6,000. Koma wachitatu weniweni analipira K18,000, kuwirikiza katatu K6,000. Ndiye bilu nayo tiiwirikize katatu: K45,000. Alembi a ku Egypt ankawerengera chonchi. Ku British Museum mu London kuli mpukutu wa gumbwa umene mlembi wina dzina lake Ahmes anaukopera cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe, ndipo umadziwika ndi dzina la Alexander Henry Rhind amene anaugula ku Luxor mu 1858. Muli samu yakuti nambala inayake ukaiwonjezera 1/7 yake imakhala 19. Mlembiyo anayerekeza 7, anapeza 8, ndiye anachulukitsa 7 uja ndi mlingo umene umasandutsa 8 kukhala 19. Mumpukutu womwewo mulinso masamu ogawira mikate kwa anthu khumi. Kugawana chakudya ndi mtengo wake kwakhala kukusautsa ophunzira kwa zaka zoposa 3,500, choncho mwana wanu ali ndi anzake ambiri.

Njira yoyerekezayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino muwadziwe. Imagwira ntchito pokhapokha zonse zimene zachotsedwa zili magawo. Funso likangoti woyamba analipira 1/3 ya bilu n'kuwonjezerapo K2,000, yagwa. Yesani: pa K15,000 woyamba alipira K7,000, patsala K8,000, wachitatu atsala ndi K4,800, ndipo mukakulitsa kuti ifike K18,000 mupeza bilu ya K56,250, yomwe ndi yolakwika, chifukwa mwakulitsa ndi K2,000 yomwe, pamene iyo sikula. Yobwerera m'mbuyo ija ndiyo siikhumudwitsa. Zotsala zikadali K30,000. Bwezeranipo K2,000 imene woyamba anawonjezera, K32,000, ndipo imeneyo ndi 2/3 ya bilu. Gawo limodzi K16,000, bilu K48,000. Woyamba K18,000, wachiwiri K12,000, wachitatu K18,000, zakwana.

Ndisakusiyeni ndi mantha akuti mafulakishoni a m'masamu a nkhani saphatikizidwa kapena kuchotserana. Nali funso lina la pa lesitilanti limene limabwera kawirikawiri. Anthu 6 anagwirizana kugawana bilu mofanana, koma itafika mmodzi anapezeka kuti alibe ndalama, ndiye 5 otsalawo aliyense anawonjezera K1,500. Bilu inali zingati? Pano aliyense amayenera kulipira 1/6, koma analipira 1/5, ndipo magawo onse awiriwa ndi a bilu yonse, chinthu chimodzi. Kuchotsera kwaloledwa: 1/5 − 1/6 = 1/30. Ngati 1/30 ndi K1,500, bilu ndi K45,000. Mwana wochenjera adzadutsa pachidule: anthu asanu kuwonjezera K1,500 aliyense ndi K7,500, imeneyo ndiye inali gawo la wopanda ndalamayo, ndipo magawo otero analipo 6. K45,000 yomweyo. Ndikaona mwana wayankha chonchi ndimachonga ndi mtima wonse, ngakhale mulibe fulakishoni ndi imodzi yomwe.

Pa nkhani ya mayeso, mapepala a masamu a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndiye mawu amene mwana ayenera kuwatchera maso ndi "of the remainder", "of the rest" ndi "of what was left". Azolowere kudula mzere pansi pa mawu amene atsatira fulakishoni iliyonse, n'kulemba pambali ndi pensulo kuti ya bilu yonse kapena ya zotsala, asanawerengere chilichonse. Funso likangoti wachiwiri analipira 2/5 osatchula za zotsala, atenge kuti ndi ya bilu yonse. Azilembanso mzere uliwonse wa ntchito yake pamodzi ndi mawu ochepa onena chimene nambalayo ikuimira, monga ndachitira pamwambapa. Apa ndili ndi kadandaulo pang'ono ndi mmene homuwekiyi inachongedwera, ngati zilidi monga mwanenera kuti aphunzitsi anangothetha n'kulemba K45,000. Ndikudziwa kuti kalasi la pulayimale limatha kukhala ndi ana oposa 100 ndipo makope ndi mulu, koma kuzinga mawu akuti "zotsala" ndi bolopeni yofiira kukanatenga kamphindi kochepa, ndipo mkangano wa kunyumba kwanu sukanakhalapo.

Mwina mwadzifunsanso kuti ndani amalipira bilu mwanjira imeneyi. Zoona, palibe. Kwathu kuno kawirikawiri woitana ndiye amalipira, kapena wamkulu pagulupo amangoitenga bilu mwakachetechete, ndipo pamene anzako agwirizana zosonkha, aliyense amatulutsa za chimene wadya. Koma mafulakishoni amabwerabe, pakhomo lina. Tinene kuti wina wadya chambo ndi nsima ndi zakumwa za K20,000, wina nkhuku ndi tchipisi za K12,000, wachitatu wangodya za K8,000. Zonse K40,000. Bilu ikubwera K47,000 chifukwa malowo awonjezera msonkho wa VAT ndi zina pansi pake. K7,000 yapamwambayo agawane bwanji? Ambiri amangoti tigawe patatu, aliyense K2,333 ndi kanthu. Koma msonkhowo wakwera molingana ndi mtengo wa chakudya, ndiye wachambo ndi amene waubweretsa wambiri. Gawo lake ndi 20 mwa 40, theka. Wankhuku 12 mwa 40, yomwe ndi 3/10. Wachitatu 8 mwa 40, 1/5. Pa K47,000 ndiye K23,500, K14,100 ndi K9,400. Pogawa patatu paja wachitatuyu akanalipira K10,333, kulipirira mnzake msonkho wa chambo chimene sanalaweko. Kale chenje chinkavuta, koma pano mmodzi amalipira yonse, enawo n'kumutumizira pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndalama yeniyeniyo. Kaya mungayambe kuwerengera zotere pamaso pa apongozi, zimenezo si za masamu.

Za chikhulupiriro cha mwana chimene mukuti chatha, njira yake ndi kukhala naye pansi ndi samu ina, inu n'kumusiya kuti atsogolere. Mupatseni iyi. Anthu anayi anadya pa lesitilanti. Woyamba analipira 1/4 ya bilu, wachiwiri 1/3 ya zotsala, wachitatu 1/2 ya zimene zinatsala pamenepo, ndipo wachinayi analipira K9,500 yomaliza. Asanagwire pensulo mufunseni kuti akuganiza kuti walipira zambiri ndani. Mosakayikira aloza wachitatu, poti theka ndi lalikulu kuposa enawo. Kenako yesani limodzi njira yanu yakale ija: 1/4 + 1/3 + 1/2 ndi 13/12, kuposa bilu yonse, wachinayi asanatulutse n'komwe kalikonse, chizindikiro chakuti magawowa si a chinthu chimodzi. Ndiye ajambule timabokosi tinayi tokha. Woyamba atenga kamodzi, tatsala titatu. Gawo limodzi mwa atatu ndi kamodzi, tatsala tiwiri. Theka la tiwiri ndi kamodzi, ndipo kotsalako ndi ka wachinayi. Aliyense analipira K9,500, bilu inali K38,000.